Natsume: Kansupa ka Tiyi wa Alendo ku Japan

 Lero tiyeni tiwoloke nyanja tipite ku Japan, dziko la zilumba la kum'mawa kwa Asia. Ambiri timalidziwa dzikoli chifukwa cha magalimoto ndi mawailesi ake, koma chimene tikukaona ife ndi kanthu kakang'ono kokwana m'chikhatho: kansupa kamtengo kokhala ndi chivundikiro, kakuda bii, konyezimira ngati madzi a padziwe usiku wa mwezi. Eni ake amakatcha natsume. Ntchito yake ndi imodzi yokha, kunyamula ufa wa tiyi kuchoka m'chipinda chokonzera kufika pamaso pa alendo.

Dzina limeneli ndi la chipatso. Natsume ndi chipatso cha mtengo wa mtundu umodzi ndi masau, ndipo inu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ngakhalenso anzathu a ku Tete, mwachiona kale chithunzi chake m'maganizo. Kansupaka kali ndi mapewa obulungira ngati a sau lokhwima bwino, ndipo kamanka kachepa pang'ono chakumunsi. Ana asukulu amene mukutimvera, tengani rula: natsume yapakatikati msinkhu wake sufika masentimita 7, ndipo m'mimba mwake ndi chimodzimodzi.

Tsono tiyi wake ngwotani kuti achite kufuna kansupa kakekake? Chitsamba chake ndi chomwechi chimene chimabiriwira m'mapiri a ku Mulanje ndi ku Thyolo, koma kakonzedwe nkosiyana. Kuno kwathu masamba amawafotetsa, kuwaphwanya ndi kuwasiya kuti mpweya uwasandutse ofiirira, nchifukwa chake tiyi wathu amatuluka wakuda. Alimi a ku Uji, kufupi ndi mzinda wa Kyoto, amaphimba zitsamba kwa masabata atatu kapena kuposerapo asanathyole masamba, kuti dzuwa lisawafike. Akathyola amawafutsa msangamsanga pa nthunzi kuti asasinthe mtundu, nawaumitsa, nachotsa timitsempha tonse, kenaka nkuwapera pa mphero yamwala. Mphero imodzi imatulutsa pafupifupi magalamu 40 okha pa ola lathunthu. Ufa wobiriwirawo, umene amautcha matcha, sausefa ngati masamba. Amautakasa m'madzi otentha ndi kuumwa wonse. Ufa wotere suchedwa kuwonongeka. Ukakhudzana ndi chinyezi umabumika, ukakhala padzuwa umafwifwa, ukayandikana ndi chinthu chafungo umatenga fungolo.

Kamwedwe aka kanachokera ku China. Mmonke wa Chibuda, Eisai, ndiye amadziwika kuti anabwera nako pobwerera ku Japan m'chaka cha 1191. Patapita zaka mazana atatu, kumwa tiyi kunali kutasanduka mwambo wa mafumu ankhondo ndi amalonda olemera, ndipo chuma cha munthu chinkaonekera pa ziwiya zake. Chiwiya chimene ankachilemekeza koposa chinali kambiya kadothi kochokera ku China, kotchedwa chaire, kokhala ndi chivundikiro cha mnyanga wa njovu, kosungidwa m'kathumba ka silika. Musachione kuchepa. M'chaka cha 1568, pamene mkulu wankhondo Oda Nobunaga analowa mu Kyoto, mfumu ina, Matsunaga Hisahide, inampatsa kambiya kotere, kotchedwa Tsukumo Nasu, monga chizindikiro chogonjera, ndipo analoledwa kupitiriza kulamulira chigawo cha Yamato. Kambiya kameneka tikumana nakonso kutsogoloku.

Amalonda a mumzinda wa Sakai anali m'gulu la anthu amene anatopa ndi kudzionetsera kumeneku. Iwo anafuna chipinda chaching'ono, ziwiya zochepa ndi zopangidwa kwawo komweko. Pali mbiri yongosimbidwa pakamwa yakuti natsume yoyamba anaipanga mmisiri wina dzina lake Haneda Goro, koma m'mabuku amene anthu a tiyi ankalembamo za misonkhano yawo, natsume imayamba kuoneka m'chaka cha 1564, pa tiyi wa Tsuda Sotatsu wa ku Sakai. Amene anaikweza kwenikweni ndi Sen no Rikyu, amene anabadwa mu 1522, nakhala mphunzitsi wa tiyi wa Nobunaga ndiponso wa womlowa m'malo, Toyotomi Hideyoshi. Rikyu anakonda natsume yakuda yopanda chojambula chilichonse, ndipo maonekedwe amene iye anawasankha alipo mpaka lero m'misinkhu itatu: yaikulu, yapakati ndi yaing'ono. Mwini wakeyo mapeto ake anali omvetsa chisoni, pakuti mu 1591 Hideyoshi anamkwiyira namlamula kuti adziphe. M'kupita kwa nthawi ntchito zinagawanika: chaire chadothi chinakhala cha tiyi wolimba ngati phala, amene alendo amamwera m'mbale imodzi molandizana, pamene natsume inakhala makamaka ya tiyi wamadzimadzi, amene mlendo aliyense amamkonzera payekha.

Koma chimene chimachititsa kuti kamtengo kopepuka ngati chikho kakhale zaka mazanamazana osawola ndi chimene amakapaka. Apa ndipo pagona nkhani yathu.

Ku Japan, ku China ndi ku Korea kuli mtengo umene Ajapani amautcha urushi. Ndi wa banja limodzi ndi mango ndi mbibu. Inu amene munatulukapo zidzolo pakamwa mutadya mango osatsuka utomoni wake, mwalawako pang'ono ukali wa banja limeneli. Utomoni wa urushi ukakhudza khungu umayabwa ndi kutulutsa matuza, ndipo pamene chitedze chimaleka tsiku lomwelo, uwu umatha masabata. Wophunzira ntchitoyi amayamba ndi kutupa manja ndi nkhope, ndipo ambiri thupi limadzazolowera pang'onopang'ono.

Mtengowu amaudikira zaka 10 mpaka 15 usanapereke kanthu. Ikakwana nthawi, kuyambira mu Juni mpaka cha mu Okutobala, wokolola amacheka khungwa mopingasa ndi kachitsulo kopindika, monga momwe amachitira ndi mitengo ya mphira ku Vizara ku Nkhata Bay. Kusiyana kwake nkwakuti urushi suchucha mokwanira kudzaza kapu. Umangotuluka ngati thukuta pabala, ndipo munthu amachita kupalira ndi kachitsulo kena nkumathira m'kachidebe. Akatero amaupumitsa mtengowo masiku anayi kapena asanu, nadzachekanso pamwamba pa bala loyamba. Wokolola mmodzi amayendera mitengo pafupifupi 400 pa nyengo imodzi, kuigawa m'magulu kuti tsiku lililonse akhale ndi gulu lake. Nyengo ikatha, mtengo umodzi wapereka pafupifupi magalamu 200, osadzaza ngakhale kapu ya tiyi. Kenaka mtengowo amaudula, ndipo mphukira zochokera ku mizu ndi kuchitsa ndizo zimayambanso ulendo wa zaka khumi.

Tsopano mvetserani chodabwitsa. Ife tikapaka penti kapena tikazira nyumba, timatsegula mazenera kuti mphepo iumitse, chifukwa chimene tikufuna nchakuti madzi achoke. Urushi ukauika pamphepo youma umakhala wonanda osalimba. Umalimba pamalo achinyezi ndi ofunda. Amisiri amalowetsa chiwiya chopakidwa m'kabati yamatabwa imene mkati mwake anyowetsamo ndi nsalu yamadzi, kuti chinyezi chikhale cha pakati pa magawo 70 ndi 85 mwa magawo 100, ndipo kutentha kukhale kwa madigiri 20 mpaka 30. Chifukwa chake nchakuti urushi suuma konse monga tidziwira kuuma. Mu utomonimo muli mafuta otchedwa urushiol, omwe aja amayabwa, ndiponso muli kanthu kena kachilengedwe kamene akatswiri a sayansi amakatcha laccase. Woyamba kukafotokoza anali Hikorokuro Yoshida m'chaka cha 1883. Kanthu aka kamatenga mpweya wa okosijeni ndi kulumikiza tizigawo ta mafutawo, china ndi chinzake, mpaka tonse titalukana ngati ukonde umodzi wolimba. Kuti kagwire ntchito kamafuna chinyezi, monga momwe chimera chimafunira madzi. Chifukwa cha kanthu komweka, pokonza utomoni wauwisi amisiri amautakasa ndi kuufunditsa pang'onopang'ono pa madigiri pafupifupi 40 kuti madzi achepe, osapyola muyeso, pakuti kutentha kukachuluka kanthuko kamafa ndipo utomoniwo sulimbanso m'kabati muja.

Ukalimba bwinobwino, urushi suyabwanso. Suopa madzi, mchere, mowa, ngakhale msuzi wotentha. Ofukula zakale anapeza zokongoletsa zopakidwa utomoni wofiira m'manda a ku Kakinoshima, pa chilumba cha Hokkaido, zimene zakhala zaka pafupifupi 9,000. Mdani wake wamkulu ndi dzuwa, limene limaufwifwitsa ndi kuufooketsa.

Paja ndinati tikumananso ndi Tsukumo Nasu. Kambiya kaja kanadzakhala m'nyumba ya banja la Hideyoshi, ndipo mu 1615, pamene linga la Osaka linagonjetsedwa ndi kutenthedwa, kanasweka nkukwiririka m'phulusa. Wopambana nkhondoyo, Tokugawa Ieyasu, anatuma amisiri awiri a utomoni, Fujishige Togen ndi mwana wake Togan, kuti akafukule m'mabwinjamo. Iwo anatola tizidutswa nakalumikiza ndi urushi, mwaluso lakuti Ieyasu anapereka kambiyako kwa Togen ngati mphotho. Lero kali ku nyumba yosungiramo zakale ya Seikado ku Tokyo. Akatswiri atakaunika ndi makina a X-ray anapeza kuti zambiri zimene maso amayesa dothi lonyezimira la ku China ndi utomoni wa amisiri awiri aja. Chiwiya chimene mafumu ankachitama poyerekeza ndi zamtengo chakhala zaka zoposa 400 chitavala khungu la natsume.

Natsume imodzi imadutsa m'manja mwa anthu angapo. Woyamba ndi wosema, amene amazungulitsa mtengo pa makina nkumaupala ndi mpeni mpaka utapyapyala. Amisiri a ku Yamanaka, m'chigawo cha Ishikawa, ndiwo amatchuka pa ntchito imeneyi. Mtengowo amayamba ausema mwachisawawa nkuusiya miyezi yambiri kuti uume ndi kupindika mmene ufunira, pakuti ukadzapindika pambuyo pake chivundikiro sichidzakhalanso bwino. Ndipo chivundikirocho ndicho mayeso a mmisiri: chisagwedere, chisakanirire, komanso wosemayo asiyiretu mpata wa utomoni umene sunapakidwe.

Wachiwiri ndi woika maziko. Iye amamwetsa mtengo utomoni wauwisi, namata kansalu kapena pepala m'malo osachedwa kusweka, kenaka nkupaka utomoni wosakaniza ndi ufa wa dothi, kuyambira wokhakhala kumalizira wosalala. Akapaka amaika m'kabati, ukalimba amakwecha ndi mwala, napakanso. Wachitatu amapaka zigawo zapamwamba, nakwecha ndi makala ofewa ndi madzi pakati pa chigawo ndi chinzake. Burashi yake ndi ya tsitsi la munthu, lomangidwa pakati pa timatabwa, ndipo ikatha kunsonga amaisongola ngati pensulo. Utomoni wotsiriza amausefa pa pepala lopyapyala ndi kuupaka m'chipinda chotseka, popeza kafumbi kamodzi kokha kangawononge ntchito ya miyezi. Kakagwerapo amakachotsa ndi nsonga ya nthenga. Mtundu wakuda uja kawirikawiri sachita kuthira mwaye ayi. Amasakaniza utomoni ndi chitsulo, ndipo ziwirizi zikakumana zimada zokha.

Pali natsume zina zimene zimapitanso kwa wojambula. Luso lake amalitcha maki-e, ndiye kuti chithunzi chowaza: amajambula ndi utomoni wauwisi, ndipo usanalimbe amawazapo ufa wa golide kapena siliva kuchokera m'kabango. Nthawi zina amakwirira chithunzicho ndi utomoni wakuda, nachikwecha ndi makala mpaka golideyo atatulukanso ngati akuchokera pansi pa madzi. Chitsanzo chotchuka ndi cha udzu ndi maluwa a nyengo yophukuta masamba, chotchedwa Kodaiji potsata kachisi amene mkazi wamasiye wa Hideyoshi anamanga ku Kyoto mu 1606. Mwini nyumba amasankha chithunzi mogwirizana ndi nyengo, kotero kuti kutulutsa natsume ya maluwa a masika m'nyengo yachisanu kuli ngati kuvala chikhoti chamvula m'mwezi wa Okutobala. Kukongola kwa golide sindikukana, koma ine ndili kumbali ya Rikyu. Chojambula chikhoza kubisa pamene mpeni unaterereka. Yakuda yopanda kanthu ilibe pobisa, ndipo ukaitsegula, kubiriwira kwa tiyi pakati pa mdimawo kumakwanira.

Maonekedwe enanso alipo, monga yafulati, ndi ina yotchedwa fubuki, kutanthauza chimphepo cha chipale, imene pamwamba ndi pansi pake mpofanana kotero kuti munthu sadziwa msanga kumutu ndi kumiyendo. Ku Kyoto kuli banja la Nakamura Sotetsu limene lakhala likupangira ziwiya zautomoni zidzukulu za Rikyu kuyambira m'zaka za m'ma 1600. Dzinali limalowedwa ngati ufumu, ndipo wa nambala 12, amene analowa mu 1986, anali mayi woyamba kulitenga. Mwana wake wamkazi anamlowa mu 2006.

Tiyeni tilowe m'chipinda cha tiyi tione mmene imagwirira ntchito. Alendo asanafike, mwini nyumba amasefa ufa nauthira mu natsume mosamala, nauumba ngati kaphiri. Alendo atakhala pamphasa, iye amalowa nayo, naiika patsogolo pake, nasolola kansalu ka silika m'lamba wake, nakapinda, napukuta chivundikiro. Sikuti pali litsiro, pakuti anapukuta kale kuseri. Akuonetsa mlendo kuti chimene akumpatsa nchoyera, monga ife timathirira mlendo madzi m'manja ngakhale tikudziwa kuti wasamba. Akatsegula amatapa ndi kasupuni kansungwi kawiri, magalamu pafupifupi 2, ndipo amatapira chakumbali kuti kaphiri kaja kasagumuke konse. Amathira madzi otentha m'mbale, natakasa ndi kachipangizo kansungwi kokhala ndi mano ambiri.

Tiyi akatha, mlendo wamkulu amapempha kuti aone ziwiya. Mphete ndi mawotchi anavula kale asanalowe, kuopa kukanda utomoni. Amaweramira pansi, zigongono zili pamaondo, kuti natsume isatalikire mphasa ngati itapulumuka m'manja. Amaitembenuza, naitsegula, nayang'ana kuseri kwa chivundikiro, kumene nthawi zina kumakhala chizindikiro cha mphunzitsi wamkulu wa tiyi cholembedwa ndi utomoni wofiira. Amayang'ananso ufa wotsalawo, popeza mmene kaphiri kaja kadulidwira mumaonekera ngati dzanja la mwini nyumba linali lodekha kapena lonjenjemera. Kenaka amafunsa mwaulemu dzina la maonekedwe ake ndi la mmisiri amene anaipaka. Dzina la wopaka limatchulidwa pamaso pa alendo ngakhale iye anamwalira zaka mazana apitawo.

Funso limene likuwavuta Ajapani ndi lakuti kodi maina oterewa adzapitirira. Utomoni wokololedwa m'dziko lawo sufika magawo 10 mwa magawo 100 a umene amagwiritsa ntchito. Wotsalawo amagula kunja, makamaka ku China. M'chaka cha 2020 dziko lonse linakolola pafupifupi matani 2 okha, ndipo wambiri unachokera ku dera limodzi, Joboji, m'chigawo cha Iwate. Muwerengere nokha: pa magalamu 200 mtengo umodzi, imeneyo ndi mitengo 10,000 yodulidwa m'chaka chimodzi, iliyonse yofuna zaka zoposa khumi kuti ibwerere. Mu 2015 boma linalengeza kuti kuyambira mu 2018 akachisi ndi nyumba zakale zotetezedwa ndi lamulo azizikonza ndi utomoni wa m'dziko momwemo. Lamuloli linapatsa okolola msika wodalirika ndipo linalimbikitsa kubzala mitengo ndi kuphunzitsa achinyamata, koma mtengo sukula ndi lamulo, ndipo mmisiri wa tiziwiya anayamba kulimbirana utomoni womwewo ndi okonza akachisi. Mu 2020 bungwe la UNESCO linalemba luso lokolola ndi kuyenga urushi pamodzi ndi maluso ena osamalira nyumba zamatabwa za ku Japan monga chuma cha anthu onse.

Pakali pano m'masitolo muli natsume zambiri zapulasitiki, zopoperedwa penti wa m'fakitale, zina penti wopangidwa ndi mafuta a m'makoko a mbibu, m'bale wake wa urushi uja. Sindizinyoza, pakuti wophunzira ayenera kuyambira pa chinthu chimene angachigwetse osalira. Koma zikachuluka, wosema, woika maziko, wopaka, wopanga maburashi ndi wotentha makala amasowa ogula, ndipo ntchito iyi ili ngati unyolo: mmodzi akasiya, otsalawo sangamalize chiwiya. Izi zinaonekera poyera pa 1 Januwale 2024, pamene chivomezi chachikulu chinagwedeza dera la Noto. Mzinda wa Wajima, umene ndi umodzi mwa malikulu a ziwiya zautomoni, unagumuka, ndipo moto unapsereza msewu wa msika wake wam'mawa. Amisiri ambiri kumeneko amagwirira ntchito m'nyumba zawo, aliyense gawo lake, motero nyumba zitagwa, zipangizo ndi ziwiya zimene zinali pakati pa ulendo zinatayika pamodzi. Mu Seputembala chaka chomwecho mvula yamphamvu inasefukiranso m'dera lomwelo. Ena anayambiranso m'timisasa tongoyembekezera, ena anasamukira ku mizinda ina.

Alendo akapita, natsume siikhala ndi tiyi usiku wonse, chifukwa chivundikiro chake sichitsekereza mpweya. Ufa wotsala amaubwezera m'chitini. Siitsukidwa ndi madzi, kuopa kuti chinyezi chingatsalire mkati nkudzabumitsa tiyi wa tsiku lina. Amaipukuta ndi kansalu kofewa kapena pepala, naikulunga, naiika m'kabokosi kake kamatabwa, kamene pa chivundikiro chake pamalembedwa dzina la chiwiyacho ndi la amene anachipanga. Kabokosiko amakasunga pamalo amdima, kutali ndi moto, pakuti mpweya ukauma kwambiri mtengo wa mkati umakhwinyata ndipo utomoni umang'ambika. Ikang'ambika amaibwezera kwa mmisiri, amene amadzaza mng'aluwo ndi urushi watsopano naiikanso m'kabati yachinyezi.